MALATA SI MUYESO WA DZIKO

Pali mawu amene afala pakati pa anthu oyenda pa msewu waukulu wa M1. Akapitirira Kasungu ndi kulowa pa Jenda, ayamba kuona nyumba za njerwa zootcha, madenga a malata onyezimira, mipanda ndi zitseko zachitsulo. Pamenepo agwedeza mitu yawo ndi kunena kuti, "Anthu a ku Mzimba adalemera, kuno ndiko kokhala munthu." Ena awonjezapo kuti malo omangapo nyumba apezeka mosavuta, lendi ndi yochepa, ndipo msonkho udatha kalekale.

Mawu amenewa ndi okoma m'makutu, koma ndi onyenga, ndipo tiyenera kuwatsutsa poyera. Pakuti dziko likatchuka kuti lili bwino, palibe amene afunsanso za misewu yake, za misika yake, kapena za ntchito ya anyamata ake. Munthu wotupa thupi, anzake akamamuyamikira kuti wanenepa, salandira mankhwala.

MIYESO ITATU

Inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kulemba, mwaphunziranso kuwerengera. Tsono tiyeni tigwiritse ntchito nzeru imeneyi. Munthu wofuna kudziwa ngati dziko lili labwino kukhalamo ayenera kufunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi denga logona pansi pake lidya ndalama zingati? Lachiwiri: kodi boma ndi khonsolo zitenga zingati, ndipo zibweza chiyani? Lachitatu: kodi munthu wogwira ntchito m'dziko lomwelo apeza zingati?

Funso lachitatu ndilo mwini wake wa enawo. Nyumba siikhala yotsika mtengo kapena yokwera mtengo payokha. Ikhala chotero poyerekeza ndi zimene munthu apeza. Chifukwa chake muyeso woona si kwacha ayi, koma masiku a ntchito. Kodi munthu atuluka thukuta masiku angati kuti alipire denga, msonkho ndi chakudya? Ndipo thukutalo alitulutsira kuti, ku Embangweni kapena ku Johannesburg?

Boma la Mzimba ndilo lalikulu koposa maboma onse m'Malawi. Pa kalembera wa chaka cha 2018 mudapezeka anthu 940,184, osawerengera a mumzinda wa Mzuzu, ndipo pa tauni ya Mzimba padali anthu oposa 26,000. Chotero nkhani iyi ikhudza miyoyo ya khamu lalikulu.

MSONKHO NDIWO UDATSEGULA NJIRA

Kuti timvetse za nyumba za lero, tiyambe ndi za makolo. Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa ndiwo adatsiriza kulowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi m'dziko la Nyasaland. M'chaka cha 1904 mafumu awo adakumana ndi Alfred Sharpe ku Ekwendeni navomera boma, ndipo m'chaka cha 1906 msonkho wa nyumba udayamba. Anthu adali ndi ng'ombe, chimanga ndi mawere, koma boma lidafuna ndalama. Nanga ndalamazo akadazipeza kuti? M'dziko lawo mudalibe migodi, mudalibe njanji, ndipo misika ya mbewu idali kutali.

Chotero amuna adanyamuka. Ena adayenda pansi kunka ku Southern Rhodesia, dziko limene lero litchedwa Zimbabwe. Ena adalembedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya golide ya ku Joni. Ambiri adabwera ndi njinga, masuti ndi mabulangete, koma enanso sadabwerere konse, ndipo anthu adawatcha machona. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi idagwa ku Francistown, Amalawi 74 nafa, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaletsa Wenela. M'chaka cha 1977 kulemba anthu kudayambanso pansi pa dzina la TEBA, koma kudatha m'chaka cha 1988. Pamene ulamuliro wa tsankho udagwa ku South Africa m'chaka cha 1994, anyamata adayamba kupita okha mwaunyinji, popanda kampani yowalemba.

Taonani tsono. Kwa zaka zoposa 100, vuto lili limodzimodzi: ndalama zofunika kulipira m'Mzimba zichuluka kuposa ndalama zopezeka m'Mzimba. Agogo adathamangitsidwa ndi msonkho wa nyumba. Adzukulu athamangitsidwa ndi mtengo wa malata, simenti, feteleza ndi fizi ya sukulu. Kodi dziko lotere tinganene kuti lidalemera?

ZA NYUMBA

Nzoona kuti mwana wa m'mudzi sagula malo. Apempha kwa atate ake ndi kwa mfumu, namanga. Ichi ndi chuma chenicheni, ndipo tiyenera kuchisunga. Koma malo si nyumba. Njerwa munthu angaumbe yekha, komatu malata, simenti, misomali, magalasi ndi utoto agula m'sitolo, ndipo zambiri mwa izi, kapena zipangizo zake, zichokera kunja kwa dziko. Kwacha ikagwa, mitengo yake idumpha. M'mwezi wa May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu. Mu November 2023 idatsitsidwanso koposa, kotero kuti dola imodzi, imene inkagulidwa pa K1,180, idafika pa K1,700 tsiku limodzi. Mlimi wa ku Champhira amene adasunga ndalama za mbatata kuti afolere nyumba adagona ndi ndalama zokwana denga lonse, nadzuka ndi ndalama zosafika pamenepo.

Koma amene alandira randi sadamve ululu wotere, pakuti randi yake idasinthika kukhala makwacha ochuluka. Apa ndipo pagona chinsinsi cha nyumba zokongola zija. Zambiri sizidamere m'nthaka ya Mzimba. Zidachokera m'manja mwa anyamata osesa m'mabwalo a eni nyumba ku Johannesburg, ophika ku Cape Town, ndi olondera usiku ku Durban. Eni ake agona m'tizipinda tating'ono ta lendi, atatu kapena anayi pamodzi, pamene nyumba yawo ya zipinda zisanu ikhala yotseka, kapena mugona mkazi ndi ana okha.

Kodi nyumba imene mwini wake sagonamo ichitira umboni wotani? Ichitira umboni wakuti mwini wakeyo ndi wakhama. Siichitira umboni wakuti dziko lake lingathe kumudyetsa.

Pa tauni ya Mzimba ndi pa Jenda nkhani ndi yosiyana ndi ya kumudzi. Kumeneko malo agulidwa ndi ndalama, ndipo pamene wogula wa randi ndi wogula wa kwacha alimbirana puloti imodzi, tonse tidziwa amene apambana. Mphunzitsi, namwino, kalaliki ndi wapolisi, amene adatumizidwa kudzatumikira anthu, alandira kwacha. Mwini nyumba amene adagula simenti pa mtengo wokwera afuna kubweza ndalama zake, choncho akweza lendi. Inde, lendi ya pa Mzimba ichepa poyerekeza ndi ya ku Lilongwe. Koma nanga ntchito za pa Mzimba zichuluka ngati za ku Lilongwe? Mtengo wochepa uli wolemera kwa munthu amene alibe pogwira.

Tengani pensulo tiwerengere pamodzi. M'chaka cha 2024 boma lidakhazikitsa kuti malipiro otsikitsitsa a wantchito akhale K90,000 pa mwezi, ndiko kuti pafupifupi K3,460 pa tsiku, tikawerenga masiku 26. Tiyerekeze kuti munthu wotere alipira lendi ya K30,000. Ndiye kuti masiku asanu ndi anayi a mwezi uliwonse agwirira mwini nyumba, asanagule ufa, ndiwo, sopo kapena makala. Inu ikanipo lendi yanu ndi malipiro anu, ndipo mudzaona nokha masiku amene denga likudyerani.

MSONKHO WOBISALA

Tsopano tibwere kwa amene anena kuti msonkho udatha. Nzoona kuti msonkho wa mutu, umene amuna ankathawira m'tchire amesinjala akabwera, udathetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nzoonanso kuti wantchito wa malipiro ochepa sadulidwa msonkho pa malipiro ake. M'chaka cha 2024 ndalama zoyamba zokwana K150,000 pa mwezi sizinkadulidwa kanthu. Koma msonkho sudafe ayi. Udangovula yunifolomu ya mesinjala, nukabisala m'sitolo.

Pali msonkho wotchedwa VAT, umene uikidwa pa mtengo wa katundu wambiri. M'chaka cha 2024 udali K16.50 pa K100 iliyonse. Munthu amene adagula malata ndi simenti za K1,000,000 m'chaka chimenecho adawonjezapo K165,000 ya msonkho. Ndalama imeneyi ili pafupi ndi malipiro a miyezi iwiri a wantchito uja. Mu mtengo wa petulo ndi dizilo mulinso misonkho, wina wokonzera misewu, wina wopititsira magetsi kumidzi. Mayi wa ku Luwerezi amene alibe galimoto alipira misonkho imeneyi pokwera matola ndi pokagayitsa kuchigayo cha dizilo. Akafika pa msika ndi dengu la tomato, adula tikiti ya khonsolo asanagulitse kanthu. Mwini okala ndi mwini chigayo alipira chiphaso cha malonda chaka ndi chaka.

Ife sitinena kuti msonkho ndi woipa. Popanda msonkho sipangakhale chipatala, sukulu kapena mlatho. Chimene tikana ndi bodza lakuti munthu wakumudzi salipira kanthu, pakuti bodza limeneli limutseka pakamwa. Munthu wodziyesa wopemphetsa alandira chilichonse ndi manja awiri. Koma munthu wodziwa kuti adalipira afunsa molimba mtima kuti, "Nanga zanga zili kuti?"

Ndipo mafunso alipo ambiri. Kodi msika umene amayi adulapo tikiti tsiku ndi tsiku uli ndi chimbudzi, madzi ndi mthunzi? Kodi misewu ya fumbi yolowa ku Khosolo ndi ku Mabulabo ipitika nthawi ya dzinja? Kodi wodwala wa kumalire ndi Zambia atenga maola angati kuti afike pa chipatala cha mishoni cha Embangweni, kapena pa chipatala chachikulu cha pa boma? Msonkho wochepa umene subweza kanthu uli wokwera mtengo koposa msonkho waukulu umene umanga mlatho.

ZIMENE NTHAKA IPATSA

Tafika pa muyeso wachitatu. Kumwera kwa Mzimba si chipululu. Kuli chimanga, fodya, soya, mtedza ndi nyemba. Ku Champhira ndi ku Jenda kutchuka ndi tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere. Kumapiri a kum'mawa kuli khofi, ndipo nkhalango ya paini ya Chikangawa ili m'boma lomweli. Ng'ombe za Angoni zidziwika m'dziko lonse. Nanga chifukwa ninji mlimi sangathe kufolera nyumba ndi khasu lake?

Choyamba, mlimi alandira ndalama kamodzi pa chaka, koma zofuna ndalama zibwera mwezi uliwonse. Chotero agulitsa mbewu zake pa nthawi yokolola, pamene mtengo uli pansi, nadzagulanso chimanga chomwecho mu January pa mtengo wokwera. Chachiwiri, nthaka idatopa ndipo ifuna feteleza. M'chaka cha 2020 mlimi wolembedwa pa ndondomeko ya boma ya zipangizo zotsika mtengo adalipira K4,495 pa thumba. M'chaka cha 2022 adalipira K15,000. Amene sadalembedwe adagula m'sitolo, kumene m'chaka cha 2025 thumba limodzi lidapitirira K100,000. Chachitatu, zokolola zichoka m'boma zili zosakonza. Fodya apita ku okushoni ya Mzuzu kapena ya Chinkhoma, soya akwera malole kunka ku mizinda, tomato wotsala aolera pa msewu. Ntchito yofinya mafuta, yosoka nsapato za zikopa ndi yoika tomato m'mabotolo igwiridwa kwina, ndipo malipiro ake adyedwa kwina.

Mnyamata womaliza sukulu aona zonsezi. Aona atate ake atalima zaka 30 akugonabe m'nyumba ya udzu, aonanso mnzake amene adapita ku Joni zaka zitatu zapitazo atamanga ya malata. Kodi tingamudzudzule akatenga pasipoti? Iye wawerengera bwino. Olakwa ndi ife amene tiona ulendo wake ndi kuutcha chitukuko.

OTSUTSA ANENA CHIYANI?

Wina adzati, "Ndalama ndi ndalama, ngakhale zichokere kutali. Kodi si randi imene yaphunzitsa ana, yagula ng'ombe za malowolo ndi kumanga masitolo?" Mawu awa ali ndi choonadi, ndipo sitinyoza munthu aliyense wopita kukasaka. Mabanja ambiri akadagona ndi njala popanda katundu ndi ndalama zimene matransipota abweretsa. Amuna ndi akazi amenewa ayenera ulemu.

Koma powerengera phindu tiwerengerenso zotayika. M'zaka za 2008, 2015 ndi 2019 alendo adamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'malo ena a ku South Africa, ndipo Amalawi ambiri adabwera kwawo chimanjamanja. Amene apezeka opanda zikalata zoyenera atsekeredwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Kumudzi ana akula osadziwa mawu a atate awo. Mkazi alima yekha, alera yekha, adwazika apongozi yekha. Anyamata ena asiya sukulu ali mu Fomu 2, poti aona kuti satifiketi siimanga nyumba. Ndipo tonse taona magalimoto obwera ndi bokosi la maliro m'malo mwa katundu. Zinthu izi sizilembedwa pa mtengo wa malata, koma zili mbali ya mtengowo.

Ndiponso chuma chodalira chipata cha mwini wake chili ngati fodya wa pamphepo. Mu 1974 chipata chidatsekedwa, mu 1988 chidatsekedwanso. Ndani anganene kuti sichidzatsekedwa kachitatu? Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Winanso adzati, "Koma anthu a m'maboma ena ali osauka koposa ife." Kapena nzoona. Koma njala ya mnansi siikhutitsa mwana wako. Sitiyesa Mzimba ndi umphawi wa ena. Tiuyesa ndi funso limodzi: kodi munthu wakhama angathe kubadwira muno, kugwira ntchito muno, kumanga muno ndi kukalambira muno pamodzi ndi banja lake?

TICHITE CHIYANI?

Choyamba, banja lililonse likhale ndi kope lolembamo ndalama. Tsamba limodzi mulembe zolowa, ndipo musiyanitse zochokera m'munda, m'ntchito ndi m'malonda a konkuno ndi zochokera kunja. Tsamba lina mulembe zotuluka: denga, feteleza, fizi, matikiti a msika ndi ulendo. Pakutha pa chaka phimbani ndi dzanja ndalama zochokera kunja, muone ngati zotsalazo zikwana. Pamenepo mudzadziwa ngati nyumba yanu yaima pa mwala kapena pa mchenga.

Chachiwiri, musalipire tikiti kapena chiphaso popanda kulandira lisiti, ndipo malisitiwo muwasunge. Khonsolo ya M'mbelwa ndi yanu. Lamulo la maboma ang'ono la chaka cha 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yotolera ndalama ndi udindo wotumikira anthu. Kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala, ndipo anthu adazolowera kusafunsa. Chizolowezi chimenechi chithe. Kuyambira chaka cha 2020 pali lamulo logwira ntchito lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira nkhani za m'maofesi a boma. Pitani ku misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera. Funsani khansala wanu mwaulemu koma mosaopa: msika wathu udatolera zingati chaka chatha, ndipo zidagwira ntchito yanji? Safunsa adadya phula.

Chachitatu, inu abale athu amene muli ku Joni, ndi inu amene mulandira ndalama zawo, ganizani musanamange chipinda chachisanu ndi chimodzi. Nyumba yaikulu yotseka siibala kanthu. Ndalama yomweyo ingagule pampu yothirira dimba, makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa ndi soya, ng'ombe za mkaka, kapena nkhokwe yabwino yosungira mbewu kufikira mtengo utakwera. Zinthu zotere zilemba ntchito mng'ono wanu, ndipo zidzakudyetsani inu nomwe tsiku lobwerera. Chimene munthu mmodzi sangathe, anthu khumi a kopaletivi angathe, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, mafumu athu asunge malo. Pamene mtengo wa mapuloti ukwera m'mbali mwa misewu, chiyeso chogulitsa minda chikula. Mudzi ukagulitsa malo ake, utaya chinthu chimodzi chokhacho chimene chidali chotsika mtengo kwa ana ake.

Pomaliza tinena kwa akulu a boma ndi kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo. Musabwere kwa ife ndi kuloza madenga a malata ngati kuti ndi ntchito ya manja anu. Madengawo adamangidwa ndi anthu amene dziko lidalephera kuwapatsa ntchito. Mukafuna kutionetsa chitukuko, tionetseni msewu wopitika mu February, msika wokhala ndi madzi, magetsi pa chigayo, ndi fakitale yogula soya ndi tomato wathu. Tionetseni chiwerengero cha anyamata amene adamaliza sukulu napeza chochita kwawo konkuno.

Tsiku limene mlimi wa ku Edingeni adzafolera nyumba ndi ndalama za m'munda mwake, mphunzitsi wa pa boma nalipira lendi osakongola, ndipo mwini nyumba nagona m'nyumba yake pamodzi ndi ana ake, pamenepo tidzavomera kuti Mzimba ndi dziko labwino kukhalamo. Kufikira tsiku limenelo, tiyeni tiwerengere moona, tifunse mosatopa, ndipo tisalole kunyezimira kwa malata kutiphimba m'maso.